Chingwe cha Mutu Wabuluu

Pali mawu amene amandiwawa ndikamawamva pakati pa anzanga pakoleji pano: "Laputopu yanga yafa." Ukafunsitsa kuti yafa motani, kawirikawiri umamva kuti akaiyatsa fani imazungulira, timagetsi ta kutsogolo timathwanima, mwinanso kanyimbo koyambira kaja kamamveka, koma pasikirini pamangokhala bii. Imeneyo sinafe ayi. Yadwala maso, ndipo kwathu sitikumba manda chifukwa choti munthu wadwala maso. Koma pofika nthawi imeneyo mwini wake amakhala atayamba kale kulira maliro. Waimbira makolo kumudzi, makolo ayamba kuwerengera mbuzi zoti agulitse, ndipo kompyuta imene ikanatha kumumalizitsa sukulu yakankhidwira kunsi kwa bedi pamodzi ndi nsapato zakutha.

Nkhani ino ndikuilemba pa kompyuta yodwala maso. Ndi IBM ThinkPad T43 ya mu 2005, chaka chimene IBM inagulitsa ku Lenovo gawo lake lopanga makompyuta a anthu wamba. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili kumsana kwa mayi anga. Amalume anaigula pamene ofesi yomwe ankagwirako ntchito inkagulitsa katundu wakale, anaigwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo atamva kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite anaikulunga m'chitenje n'kundipatsa. Ndi yakuda, yamakona ngati njerwa, ndipo pakati pa kiyibodi pali kabatani kofiira kamene anzanga amakakhudza mwamantha ngati kaphulika. Mkati muli purosesa ya Pentium M ndi memore ya 2GB, ndipo pamenepo ndiye pothera, simungawonjezere. Ndinachotsamo Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu 2014, n'kuikamo Linux yopepuka. Imalemba, imatsegula ma PDF, imawerengera masamu. Zimene sizitheka ndizinena kutsogoloku, chifukwa ziliponso.

Matenda a masowa anayamba ndili m'chaka chachitatu. Ndikaiyatsa m'mawa, sikirini yonse inkayamba yofiirira ngati kumwamba dzuwa likamalowa, kenako pakapita mphindi zingapo n'kuyera. Miyezi ikupita, kufiirako kunayamba kuchedwa kutha ndipo kuwala kunkacheperachepera. Palibe chodabwitsa apa. Malaputopu a nthawi imeneyo sankawala ndi timagetsi ta LED ngati a masiku ano. Kuseri kwa galasi kuli kachubu koonda kwambiri, m'bale wake wa machubu aatali oyera aja a m'makalasi, ndiponso kabolodi kakang'ono kamene kamakweza mphamvu ya magetsi kuti kachubuko kayake. Kachubu kotere kamakalamba monga amachitira machubu onse, ndipo kufiira ndizo imvi zake. Kanga katumikira zaka pafupifupi 20, ndiye ndilibe nako mlandu. Inu amene sikirini yanu inada kale, tayesani izi: yatsani kompyuta, tengani tochi ya foni, muunikire pagalasi chapambali mutayandikitsa nkhope. Mukaona malemba ndi zithunzi zikuoneka mwachizimezime, dziwani kuti kompyuta ikugwira ntchito yake yonse. Chazima ndi nyali yokha.

Pa holide ndinapita nayo ku Limbe, kwa mmisiri wina amene kachipinda kake kadzaza ndi mitembo ya malaputopu mpaka kudenga. Anaitembenuza, anawerenga kapepala ka kunsi, n'kuyamba kuseka.

"Mphwanga, iyi sikufuna mmisiri. Kaisiye ku Chichiri, kunyumba yosungirako zinthu zakale kuja, ana asukulu azikaionera."

"Achimwene, ine ndikufuna kachubu kokha."

"Kachubu kake ndikakatenge kuti? Tikati tiitanitse kunja, ukaphatikiza ndi ndalama yotumizira, bola ungogula laputopu ina."

Koma sanali munthu woipa mtima. Analoza pakona pamene panali mamonita akale a m'maofesi, odzaza fumbi, atatsamirana ngati mbale pathandala. "Tenga imodzi apo. Yakoyo ili ndi VGA, eti?" Ndinagula ya mainchesi 19 pamodzi ndi chingwe chake pa ndalama yosafika imene ndimalipira chipinda pamwezi. Ndinakwera nayo minibasi ya ku Zomba nditaifungata pamiyendo ngati mwana wodwala, kondakitala akuumirira njira yonse kuti nayonso ilipire mpando.

Zimene ndinachitazi si zatsopano. Chiyambireni makompyuta onyamula, maso ndi amene akhala akulipira mtengo wa kunyamulako. Mu 1981 ku America kunatuluka Osborne 1, imene ambiri amaitenga kuti ndi kompyuta yonyamula yoyamba kuyenda malonda. Kunyamula kwake kunali kofuna mapewa. Inkalemera makilogalamu pafupifupi 11, ikatsekedwa inkaoneka ngati makina osokera ali m'bokosi lake, inalibe batire mkati, ndipo mtengo wake unali madola 1,795. Sikirini yake inali ya mainchesi 5, yaing'ono kuposa ya mafoni ambiri amene tili nawo m'matumbamu, ndipo mzere umodzi unkaonetsa zilembo 52 zokha pamene makompyuta a m'maofesi ankaonetsa 80. Munthu wolemba kalata pa WordStar ankachita kusuntha chithunzi uku ndi uku kuti aone mzere wautali wonse. Adam Osborne ndi injiniya amene anaipanga, Lee Felsenstein, anasiya kutsogolo kwake malo olumikizira monita yakunja, ndipo amene maso awo anatopa ankagula monita yokulirapo n'kuikhazika pambali kapena pamwamba pa bokosilo. Mu 1982 kunabwera Kaypro II ya sikirini ya mainchesi 9 ndi zilembo 80 pamzere, ndipo mu 1983 kampani ya Osborne inagwa. Zifukwa zinali zingapo, koma kasikirini kaja sikanathandize.

Kusiyana kwa mwini Osborne ndi ine n'koti polumikizira pake panali pa Osborne yokha, pofuna zida zakezake. Mwayi wanga ndi wakuti pofika 2005 opanga makompyuta anali atagwirizana kale pa chinthu chimodzi. VGA inayamba mu 1987 ndi makompyuta a IBM otchedwa PS/2: timabowo 15 m'mizere itatu, ndi tizomangira tiwiri m'mbali. Makampani ena anaitengera mpaka zinafika poti monita iliyonse ndi pulojekita iliyonse ya m'kalasi inali nayo. Mtundu wabuluu uja unabwera pambuyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Microsoft ndi Intel anagawa mitundu ya mitu ya zingwe kuti anthu asamasokoneze polumikiza. Mu Disembala 2010 Intel, AMD ndi makampani angapo opanga makompyuta analengeza kuti pofika 2015 adzakhala atasiyana nayo VGA. Malaputopu atsopano anayambadi kubwera opanda kabowoko. Koma mamonita onse amene anapangidwa m'zaka zimenezo sanamve nawo chilengezocho. Anangochoka m'maofesi a kunja ndi a konkuno n'kukadikira pamakona ngati paja pa ku Limbe, ali amoyo ndithu.

VGA ndimaikonda chifukwa ndi chinthu choti munthu ungachilondole ndi maso ako. Pini yoyamba imanyamula mtundu wofiira, yachiwiri wobiriwira, yachitatu wabuluu, uliwonse ukuyenda ngati mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, yosafika ndi volti imodzi yomwe. Mapini a nambala 13 ndi 14 amauza monita pamene mzere wathera ndi pamene chithunzi chonse chathera. A nambala 12 ndi 15 ndi amene monita imadzidziwitsira kwa kompyuta, kunena kuti ine ndine wakuti, ndipo ndimakwanitsa timadontho takutitakuti. Ndiye vuto likabwera limakhala ndi adiresi. Nditalumikiza koyamba, chithunzi chinatuluka chobiriwira mosakanikira ndi buluu, nkhope za anthu pazithunzi ngati za odwala malungo. Kufiira kunalibe, kutanthauza pini yoyamba. Nditasuzumira m'mutu mwa chingwe ndinaipezadi itagona chammbali. Ndinailowetsa m'kachubu ka inki ka bolopeni yotha, ndinaiwongola pang'onopang'ono, kufiira n'kubwerera. Mukawerenga mapini a chingwe chanu n'kupeza 14, musabweze kwa wogulitsa. Zingwe zambiri zakale zinkapangidwa dala popanda pini ya nambala 9. Tayesani kuchita zotere ndi HDMI. Imeneyo ikakana, mumangosintha chingwe n'kumapemphera.

Popeza ndatchula HDMI, amene mukuganiza zolumikiza laputopu yakale ku TV ya panyumba muchenjere ndi tizida tosinthira timene tili pamsika. Tambiri timatenga chithunzi kuchokera ku HDMI kupita ku VGA, ndipo sitigwira ntchito chobwerera. Mukufunika kamene kamachoka ku VGA kupita ku HDMI, ndipo kotero kawirikawiri kamakhala ndi kachingwe kena ka USB kokapatsa mphamvu. Pepala la pa paketi liwerengeni nokha musanapereke ndalama.

Kulumikiza kwenikweniko n'kwa mphindi ziwiri. Pa ThinkPad mumadina Fn ndi F7 kuti chithunzi chisinthe malo, ndipo pa Linux pali pulogalamu ya xrandr youza sikirini iliyonse pokhala pake. Malemba akatuluka ngati opakidwa mafuta, dinani batani lolembedwa Auto pa monita kuti idzilinganize yokha ndi chithunzi chimene ikulandira. Chimene chinandichedwetsa ndi china. Sikirini ya laputopu yanga ili ndi timadontho 1024 chopingasa ndi 768 chotsika, pamene monita ili ndi 1280 chopingasa ndi 1024 chotsika. Kuziika pambali ndi pambali kumapereka timadontho 2304 chopingasa, koma kachipangizo ka Intel kojambula zithunzi m'kompyuta za m'badwo umenewu kamagwira ntchito mwamphamvu zake zonse pokhapokha chithunzi chisapitirire 2048 mbali iliyonse. Ukadutsa pamenepo zinthu zimayamba kukwawa. Koma kuzisanjikiza, ina pamwamba ina pansi, 768 kuphatikiza 1024 ndi 1792 basi. Choncho masamu ndi amene anasankha kakhalidwe ka tebulo langa. Monita ili pamwamba, itakhazikika pa dikishonale ndi mabuku awiri a m'chaka choyamba amene sindinkayembekeza kuti adzandithandizanso, laputopu ili pansi pake, ndipo mausi ikakwera kutuluka pa sikirini yapansi imatulukira pa yapamwamba ngati ikukwera masitepe.

Poyamba ndinali ndi timadontho 786,432. Tsopano ndili ndi 2,097,152, kuposa kawiri ndi theka. Manambalawa sanena kanthu kwa munthu amene sanalembepo kafukufuku wa chaka chomaliza pa kasikirini kamodzi. Ntchito imeneyi ndi yowerenga ndi kulemba nthawi imodzi. Pa sikirini imodzi umatsegula PDF, kuwerenga ndime, kuitseka, kupita kolemba, kuiwala nambala ya tsamba, kubwereranso, ndipo pofika kachitatu ganizo limene unali nalo lathawa ngati mbewa yoona moto. Pano chimene ndikulemba chimakhala pamwamba pamene pali powala, ndipo chimene ndikuwerenga kapena manotsi anga zimakhala pansi. Ndimatha kuyang'ana mawu a wolemba uku ndikumutsutsa. Khosi nalonso linasiya kundipweteka, chifukwa ndimakhala chowongoka osati chowerama ngati ndikusankha nyemba.

Tsopano zowawa zake, chifukwa ndikadana ndi kuti wina akagule monita mawa n'kudzanditukwana.

Choyamba n'choti kompyuta yonyamula ija yasanduka yapatebulo. Masana panja sikirini yake sioneka n'komwe, ndipo monita ya mainchesi 19 simungapite nayo ku layibulale m'chikwama. Ndikafuna intaneti ya pasukulu ndimapita ndi foni, kukopera zonse zimene ndikufuna, n'kudzazisamutsa madzulo kuchipinda kwanga ku Chikanda. Zokambirana za pagulu zinasamukira kwa ine, anthu asanu pabedi limodzi, chifukwa ndi pokhapo pamene tonse tingayang'ane tsamba limodzi popanda kugundana mitu. Zimenezi zili ndi ubwino wake, koma shuga wanga sakhalitsa.

Chachiwiri ndi magetsi. Laputopu ili ndi batire, ngakhale yanga imangopirira mphindi zochepa, koma monita ilibe. Magetsi akazima monita imathima nthawi yomweyo, ndipo kompyuta sizindikira msanga kuti mnzake wapita. Chikalata chimene umalemba chimatsalira pa sikirini yakufayo, iwe uli mumdima, batire ikutha. Ndinakonza mabatani awiri pa kiyibodi oti ndikawadina zonse zimatsikira pa sikirini ya laputopu, ndipo zala zanga zinazolowera kusunga ntchito pakatha ndime iliyonse. Panabukanso mlandu wa mayunitsi. Timagawana mita imodzi anthu a zipinda zinayi, ndipo tsiku limene monita inalowa m'nyumba, mayi wina amene timakhala naye pamenepo anaiona ngati TV.

"Achimwene, chinthu chanuchi chitimalizira mayunitsi. Mwezi uno muwonjezere."

"Mayi, tiyeni tiwerengere limodzi."

Monita yanga imadya mawati pafupifupi 35. Ikayaka maola 6 patsiku imatenga masiku pafupifupi asanu kuti imalize yuniti imodzi. Mbaula yamagetsi ya mawati 1,000 imamaliza yuniti yomweyo pa ola limodzi, ndipo nyemba sizipsa pa ola limodzi. Sananditsutse, koma sanavomerenso. Anangoti ana asukulu mumakonda manambala.

Chachitatu, monita siwonjezera liwiro. Purosesa ndi ya mu 2005 yomwe ija. Masamba a intaneti a masiku ano ndi olemera moti kutsegula atatu kapena anayi nthawi imodzi fani imayamba kulira ngati chigayo. Kalasi ikakhala ya pa vidiyo ndimagwiritsa ntchito foni. Amene maphunziro anu amafuna mapulogalamu akuluakulu ojambulira mapulani a nyumba kapena okonzera mafilimu, nkhani ino si yanu, ndipo sindikukunyengererani kuti mukakamire chinthu chosakukwanirani. Koma ambirife, a zauphunzitsi, a mbiri yakale, a zamalamulo, a zachikhalidwe cha anthu, ntchito yathu ndi malemba. Kompyuta ya mu 2005 malemba siilemera nawo.

Ndikamaona pa YouTube anthu a ku Ulaya ndi ku America akutsitsimutsa Osborne kapena Kaypro, ndimawasirira koma ndimasekanso. Amavala magolovesi, amatsuka kabolodi kalikonse ndi kaburashi, amasoka okha kachingwe kolumikizira monita, ndipo zilembo zobiriwira zikatulukira pagalasi amakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Akamaliza amaibwezera pashelefu. Kwa iwo kompyuta yakale ndi chosangalatsa cha Loweruka, pamene kwa ine ndi khasu. Komabe ndi anthu omwewo amene analemba pa intaneti mwatsatanetsatane za pini iliyonse ndi malire aja a 2048, ndipo popanda iwo bwenzi ndikudabwabe chifukwa chimene kompyuta yanga inkakwawira. Ndiye kusekako ndimaseka mwaulemu.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi cha kwathu konkuno. Lowani m'chipinda chosungiramo katundu cha ofesi yaikulu kapena sukulu iliyonse imene inasinthapo makompyuta, mwayi ndi waukulu kuti mupezamo mamonita a VGA ataunjikidwa, akudikira tsiku limene adzalembedwe kuti ndi zinyalala. Kunja kwa chitseko chomwecho kuli ophunzira amene malaputopu awo anasweka sikirini m'minibasi kapena anada ngati yanga, ndi ena amene akuwerenga mabuku a masamba 300 pa foni mpaka maso kufiira. Zinthu ziwirizi zikusiyana ndi chingwe chimodzi. Ine ndikanakonda kuti m'malayibulale athu mukhale mzere wa matebulo okhala ndi monita, chingwe cha VGA ndi soketi basi, popanda kompyuta, kuti aliyense azibwera ndi yake n'kulumikiza. A malaputopu atsopano azibwera ndi kachida kosinthira kaja kochoka ku HDMI, kamene n'kosavuta kupeza. Ndinauza mnzanga wina za ganizoli ndipo anayankha kuti zingwe zidzabedwa sabata yoyamba. Mwina. Koma chingwe cha VGA chili ndi tizomangira tiwiri, chikhoza kukhomeredwa kutebulo, ndipo wakuba amene angasenze monita yolemera choncho kudutsa pa mlonda wa pakhomo kuti akaigulitse pa mtengo umene ndinagulira ine ndiye kuti sadziwa ntchito yake. Ngakhale zitabedwa ziwiri pa khumi, zisanu ndi zitatu zotsalazo zikhala zikugwira ntchito imene sizikugwira panopa m'chipinda chokhoma.

Kachubu ka laputopu yanga sikanazimiretu. Masiku ano kamatenga nthawi yaitali kuti kayere, ndipo m'mawa wozizira wa kuno ku Zomba kamaphethira kangapo kasanakhazikike. Tsiku lina sikadzayakanso, mwina ndisanapereke kafukufuku wanga, mwina pambuyo pake. Choopsa pa tsiku limenelo n'choti kompyuta ikamayamba, Linux isanadzuke, imaonetsa zonse pa sikirini yakeyake, ndipo ngati pali uthenga wofuna yankho sungauone. Choncho ndinalowa kale mu BIOS podina F1 poyatsa, n'kusintha kuti kuyambira sekondi yoyamba chithunzi chizitulukanso ku chingwe chabuluu. Ndinayesa nditaphimba sikirini yapansi ndi thaulo. Chizindikiro cha IBM chinatulukira pamwamba, pa monita ya kampani ina, chotambasuka pang'ono chotsika.